Kugwirizana paokha kapena kudzera ku boma: ndalama zolerera ana ku Britain

Banja likatha ku Britain, makolo amakhala ndi njira ziwiri zikuluzikulu zoyendetsera ndalama zolerera ana. Yoyamba ndi kugwirizana paokha: bambo ndi mayi amamvana kuchuluka kwa ndalama, mwinanso wina amangogula yunifolomu ndi nsapato zakusukulu, ndipo salipira kanthu ku boma. Vuto lake n'lakuti wolonjezayo akayamba kuzemba, palibe womukakamiza.

Yachiwiri ndi kudzera ku Child Maintenance Service, nthambi yaboma yomwe idayamba mu 2012. Imawerengera ndalamazo potengera zomwe kholo losakhala ndi mwana limapeza, malinga ndi zolembedwa ku HMRC, bungwe laboma lotolera misonkho, ndipo ili ndi mphamvu yozidula ku malipiro ake. Koma ikamatolera yokha, wopereka amawonjezera 20 peresenti pomwe wolandira amadulidwa 4 peresenti, kotero pa mapaundi 100 alionse bambo amatulutsa 120, mayi n'kulandira 96. Ngakhale mapaundi 20 omwe munthu ankalipira polembetsa adachotsedwa mu 2024, makolo ambiri amailambalalabe nthambiyi. Omvetsa chisoni kwambiri, m'kuona kwanga, ndi amayi othawa nkhanza, omwe amaopa kuti kalata yaboma ikafika kwa mwamuna wakaleyo idzautsa mkwiyo wake, pomwe kukhala naye pansi n'kukambirana sangayerekeze n'komwe.