Zifaniziro za mkuwa za Vishnu zitapirira dzinja lonse

Pamene ndinalemba koyamba za zifaniziro khumi za Dashavatara, kutanthauza maonekedwe khumi amene Ahindu amakhulupirira kuti mulungu Vishnu anabwera nawo padziko, zomwe banja lathu linaitanitsa kuchokera ku Moradabad, mzinda wa ku Uttar Pradesh wotchuka ndi ntchito za mkuwa, ndinayamikira kulemera kwake ndi luso la amisiri, koma zinali zisanayesedwe pa mapemphero a tsiku ndi tsiku. Tsopano zadutsa chikondwerero cha nyali cha Diwali, chinyezi cha dzinja la ku Limbe, mpaka Rama Navami, chikondwerero cha kubadwa kwa Rama, ndipo ndingathe kunenapo ndi mtima wokhazikika.

Ntchito ya manja yapirira. Manyenje a Narasimha (wa mutu wa mkango), mamba a Matsya (nsomba) ndi zala za Krishna pa chitoliro zikuonekabe bwino monga tsiku lomwe tinazitulutsa m'bokosi, ndipo nkhwangwa ya Parashurama, yomwe ndinkaopa kuti idzathyoka chifukwa cha kupyapyala kwake, siinapindike ngakhale pang'ono. Kurma (kamba) yekha ndiye amagwedera akaikidwa pa thabwa, chifukwa tsinde lake silinasalazidwe mokwanira, koma kansalu kopinda kanathetsa vutoli.

Chomwe chandidandaulitsa ndi vanishi amene wogulitsa anapaka pamwamba kuti mkuwa uziwala. Zifaniziro zimene timangozipukuta ndi nsalu youma zasunga kuwala kwake, koma Rama ndi Krishna, omwe timawasambitsa ndi panchamrita, msakanizo wa mkaka, chambiko, ghee (mafuta a batala wosungunula), uchi ndi shuga, ayamba kusupuka. Madzi akalowa pansi pa vanishi wong'ambika sauma msanga, motero m'mapindo a zovala za Krishna munatuluka timadontho tobiriwira, pamene nkhope ya Rama inada mbali imodzi chifukwa cha mwaye wa nyali ya ghee. Tinachotsa vanishi yense pa awiriwa, ndipo kuyambira pamenepo timawatsuka ndi bwemba wonyika wosakaniza ndi mchere pang'ono, kuwatsukuluza, kenako kuwaumitsa mosamala, makamaka m'timing'alu momwe mumabisala madzi. Waya wotsukira mapoto asayandikire, chifukwa amafufuta mizere yosalimba ya maso ndi milomo. Mkuwa wopanda vanishi umafuna manja pafupipafupi, koma mtundu wake wakhwima kukhala wagolide wakuya umene ndimaukonda kuposa kunyezimira kwa poyamba.

Kwa amene akufuna kugula, ndikulangiza kuti afunse zinthu ziwiri asanalipire. Choyamba, ngati zifanizirozo zidzasambitsidwa, apemphe zopanda vanishi. Chachiwiri, afunse kuti m'gulu la khumiwo muli Buddha kapena Balarama, mkulu wake wa Krishna, popeza miyambo imasiyana pa mfundo imeneyi. Ife tinalandira Balarama ndi khasu lake la ng'ombe, zomwe zinagwirizana ndi mwambo wa apongozi anga, koma banja lina likhoza kukhumudwa litatsegula bokosi lochokera kutali chotero.