Miyezi 14 ndi tiasilikali ta Northumbria ndi a Pict: mikondo inathyoka yokha, mitu ndinadula ndine

Chaka chatha ndinagula mabokosi atatu a tiasilikali ta pulasitiki ta mamilimita 28, ndi tina tochepa tachitsulo, n'cholinga choti ndipange magulu awiri ankhondo: a Anglo-Saxon a ufumu wakale wa Northumbria, kumpoto kwa England, ndi a Pict a kumpoto kwa Scotland. Tsopano patha miyezi 14. Ndasewera nato kokwanira, ndatinyamula m'basi kupita ku kalabu ya masewera a nkhondo a pa tebulo pafupifupi Lachinayi lililonse limene sindili pa shifiti ya usiku, ndipo kamodzi tinagwa pa masitepe tonse ndi chitini chake. Ndikhoza kunena za ito mosachita kukometsera.

Kwa amene simunaonepo: timabwera tili zidutswazidutswa, thupi padera, mutu padera, mikono padera. Umadula, n'kumata ndi guluu, n'kupenta. Amayi a kunyumba kuno amangoti "zidole za bambo ake", ndipo ndinasiya kutsutsa. Ife amene tinakula tikuumba ng'ombe zadothi kudambo n'kumazimenyanitsa mpaka nyanga zitaguluka, tingakane bwanji?

Malamulo amene timatsata ndi a SAGA, opangidwa ndi Studio Tomahawk ya ku France. Masamu ake ndi osavuta. Poyinti imodzi imakupatsa asilikali 4 a pakhomo pa mfumu, kapena ankhondo wamba 8, kapena alimi 12 ongotoledwa m'midzi. Masewera ambiri amakhala a mapoyinti 6, mtsogoleri ndi waulere. Gulu langa la Northumbria lili ndi anthu 45 ndipo limakwana bwino pa tebulo la masentimita 120 kwa 90. Ichi n'chimene chinandikopa, chifukwa masewera ena amafuna tiasilikali mazanamazana, ndipo m'nyumba ya lendi ku Stoke-on-Trent kuno ku England malo oterowo ndiwapeza kuti?

Za kulimba kwake ndinene mwachidule. Matupi a pulasitiki sanandivute ngakhale limodzi. Mikondo ndiyo nkhani ina. Mwezi wachinayi usanathe, mikondo 11 inali itathyoka, yambiri pamwamba penipeni pa dzanja. Kumata sikuthandiza, imathyokanso pomwepo. Ndinadula yonse, ndinaboola timanja ndi kachoboolera ka m'manja, n'kulowetsa mikondo yawaya. Chiyambire palibe wathyoka, koma imabaya zenizeni, ndipo chala changa chakumanja ndi mboni. Tachitsulo tija ndi tolemera bwino m'manja, koma penti imanyotsoka pa zigongono ndi m'mphepete mwa zishango. Pamenepa ndinadzilakwira ndekha: ndinapopera vanishi panja tsiku lina la chinyezi mu Novembala, tiasilikali 12 tinatuwa ngati tagona m'phulusa. Ndinachita kupaka vanishi wowala ndi burashi, kenako wosawala pamwamba, kuti mtundu ubwerere. Panopa kunsi kwa kamsilikali kalikonse kuli maginito, ndipo tonse timagona m'chitini cha mabisiketi. Tsiku la masitepe lija tinaguluka titatu tokha.

Koma chimene chandidyera nthawi kwambiri si guluu ayi.

Nkhondo imene ndinkafuna kuisewera ndi ya Dun Nechtain, ya pa 20 Meyi 685, pamene Ecgfrith mfumu ya Northumbria inalowa m'dziko la a Pict n'kukafera komweko, itagonjetsedwa ndi Bridei mwana wa Beli. Ine posadziwa ndinagula bokosi lolembedwa kuti Saxon basi, n'kumata aliyense chisoti chachitsulo, malaya aunyolo, ena nkhwangwa zazitali za manja awiri, ena zishango zazitali zosongoka pansi. Ndinanyadira. Tsiku loyamba kuwayala pa tebulo, bambo wina wachikulire wa ku kalabu anawayang'anitsitsa, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikupita ku Hastings. Ndinaseka nawo osamva. Ndiye anandifotokozera kuti nkhwangwa ndi zishango zimenezo ndi za nthawi ya nkhondo ya Hastings ya mu 1066, zaka pafupifupi 380 Ecgfrith atafa kale. Zili ngati munthu kujambula nkhondo ya Angoni n'kuwapatsa foni m'manja.

Nkhani ya zisoti ndiyo inandipweteka. Zisoti za a Anglo-Saxon zimene zinapezeka, zokhoza kuzindikirika bwino, n'zosakwana ndi 10 komwe: cha Sutton Hoo chimene anafukula mu 1939, cha Benty Grange cha kanguluwe pamwamba chimene chinapezeka mu 1848, cha Coppergate ku York cha mu 1982, cha Wollaston cha mu 1997, cha Shorwell, ndi zidutswa za mu Staffordshire Hoard. Chuma chomalizachi chinapezeka mu 2009 m'munda pafupi ndi Lichfield, golide wa makilogalamu angapo, ndipo gawo lake limaonetsedwa ku Potteries Museum muno mu Stoke, ulendo wa basi imodzi kuchokera kwathu. Ndinapitako kawiri. Ukaona kuchepa kwa timiyala tofiira timene amisiriwo anatchinga m'golide pa zigwiriro za malupanga, umazindikira kuti lupanga ndi chisoti sizinali za aliyense. Zinali za mafumu ndi anyamata awo odya nawo mbale imodzi. Munthu wamba ankapita ku nkhondo ndi mkondo, chishango chozungulira chamatabwa chokhala ndi chitsulo chotumphuka pakati, mwinanso mpeni umene ankautcha seax. Mutu pambalambanda, kapena kapewa kansalu.

Ndinabwerera kunyumba n'kutenga mpeni. Mitu 26 ndinadula usiku umodzi, n'kuikapo ina yopanda zisoti imene inatsala m'bokosi lachiwiri. Apa pulasitiki ndiyenera kuiyamikira: pa tachitsulo ntchito imeneyi ikanatenga mlungu ndi macheka. Zisoti ndinasiyira Ecgfrith ndi anyamata ake 8, ndi ena awiri atatu amene ndinawamvera chisoni. Chodabwitsa n'chakuti gulu likuoneka bwino kuposa kale. Poyamba onse ankawala mofanana ngati apolisi pa perete, panopa diso limathamangira kwa mfumu lokha.

A Pict ndinawapenta ndili wochenjerako. Ambiri ku kalabu amawapaka mizere yabuluu thupi lonse n'kuwavula malaya. Ine ndinatsata mwala wa pa tchalitchi cha Aberlemno ku Angus, ku Scotland, umene akatswiri ambiri amaugwirizanitsa ndi nkhondo yomweyi. Pamwalapo pali okwera akavalo ovala zisoti zokhala ndi chotchinga mphuno chachitali, chofanana ndi cha Coppergate chija, akulimbana ndi anthu opanda zisoti, ovala malaya ofika m'maondo. Pamzere wapakati pali atatu oyenda pansi atandandana: wakutsogolo ali ndi lupanga ndi chishango, wachiwiri wagwira mkondo wautali ndi manja awiri kupyola mnzakeyo, wachitatu akudikira kumbuyo. Pansi, kudzanja lamanja, munthu wachisoti wagwa ndipo mbalame ikumujompha. Palibe wamaliseche pamenepo. Choncho anga ndinawaveka, ndipo atatu ndinawaika pamodzi monga alili pamwalapo. Mitundu ndinasankha ya zomera zimene anthu a nthawiyo ankanyikira nsalu: kufiira kwa madder, buluu wa woad, chikasu cha weld, koma zonse zozilala pang'ono, ndi nsalu zambiri za mtundu wa ubweya wosanyika. Penti yofiira kwambiri ngati ya yunifolomu ya mpira ndinaibweza m'kabati.

Pa tebulo, magulu awiriwa samenya mofanana, ndipo ichi n'chimene chachititsa kuti ndisatope nawo. Mu SAGA umaponya madayisi osapitirira 8, n'kuwaika pa bolodi la gulu lako kuti asilikali ayende, amenye, kapena apume. Gulu la ankhondo wamba likatsika pansi pa anthu 4, kapena la alimi pansi pa 6, silikupatsanso dayisi. Ndiye sumangotaya alimi ako mwachisawawa. Komanso gulu likathamanga kawiri kapena likamenya limatopa, ndipo mdani wako ndi amene amagwiritsa ntchito kutopa kwakoko. Zimandikumbutsa bawo: amene amathamangira kudya ndi amene amasiya nyumba pambalambanda.

Bede, mmonke wa ku Northumbria amene anamaliza mbiri yake ya tchalitchi cha Angelezi mu 731, analemba kuti anzake a Ecgfrith, kuphatikizapo bishopu Cuthbert, anamuletsa ulendowo, koma iye sanamve, ndipo a Pict ananamizira kuthawa mpaka anamukokera m'mipata yopapatiza ya m'mapiri. Ndinaiwerenga ndimeyo, ndinaidziwa bwino. Koma mwana wanga wamkazi wa zaka 12, amene amatenga a Pict tikamasewera kunyumba, wandichita zomwezo katatu. Amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono cha ku kankhalango kathu ka siponji, ine n'kumutsatira ndi anyamata a zisoti aja, akafika ali otopa, iye n'kutuluka mbali zonse. Kachitatuko anatenga kakhwangwala kapulasitiki n'kukaika pambali pa mfumu yanga osanena kanthu.

Pa ndalama, mabokosi si amene amadula kwenikweni. Penti, maburashi, maginito, udzu wonamizira ndi buku la malamulo, zonse pamodzi zinapitirira mtengo wa tiasilikali tomwe. Nthawi ndiye musanene: kamodzi kamanditengera pafupifupi ola ndi theka, ndipo zishango ndinasiya kujambula pamanja nditawononga zisanu, panopa ndimamata zithunzi zogula. Ndikanati ndiyambirenso, ndikanagula bokosi la ankhondo wamba opanda zida zambiri poyamba, ndi mikondo yawaya tsiku lomwelo, n'kuyang'ana zaka zolembedwa pa bokosi ndisanapereke ndalama.

Anyamata a nkhwangwa aja sindinawataye. Ali m'chitini china, pamodzi ndi mitu 26 ya zisoti ija, kudikira tsiku limene ndidzakhale ndi mphamvu zoyamba 1066. Ku Aberlemno tinkafuna kupita pa tchuthi cha Khirisimasi, koma miyala ya kumeneko amaitsekera m'mabokosi amatabwa nyengo yozizira kuti chisanu chisaiwononge. Tasuntha ulendo, tidzapita mu Meyi, ndipo mwana uja wanena kale kuti atenga kakhwangwala kake.