Telala wopuma wa ku Limbe amene anandiuza zaka za zovala za agogo: nyenyezi 4 mwa 5

Agogo aakazi atamwalira chaka chatha, thiranki yawo yachitsulo inagwera ine. Inakhala kunsi kwa bedi ku Ndirande miyezi ingapo, ndipo tsiku lomwe ndinaitsegula ndinapezamo jekete la agogo aamuna, chitenje cha Kamuzu, diresi limodzi, nsalu ya maluwa yosasoka ndi kachikwama ka m'manja. Chilichonse chinali ndi nkhani yake, koma nkhanizo zimasemphana malinga ndi yemwe akukamba. Mnzanga wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe ndiye anandilozera kwa bambo ena achikulire, telala wopuma, amene mavenda amawaitana akatsegula belo kuti awasankhire zovala zakale zenizeni. Anandilipiritsa K5,000 pa chinthu chimodzi, ndipo ndinapita ndi zonse zisanu.

Malo ake ndi kakhonde chabe, pali makina a Singer opalasa ndi mwendo, benchi ndi galasi lokulitsira zinthu lomangidwa chingwe. Musayembekezere ofesi.

Anayamba ndi jekete, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Kwathu aliyense amadziwa kuti jekete limeneli agogo anabwera nalo kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Wenela. Amalume amalumbira kumene. Bambowa sanatsutse, sanavomere. Analitembenuza, napisa chala m'thumba la m'kati n'kutulutsa lebulo yomwe ine sindinaionepo. Panali kachizindikiro kozungulira ngati mpira wa ulusi, ka Woolmark, kosonyeza kuti nsaluyo ndi ya ubweya wa nkhosa. “Mwanangu, kachizindikiro aka kanayamba mu 1964. Jekete silingabadwe chizindikiro chake chisanabadwe.” Munsi mwake munalembedwa Salisbury, Rhodesia, popanda mawu oti Southern a m'dzina lakale la dzikolo, Southern Rhodesia. Anandikumbutsa kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha mu 1963, kuti dziko lija linasanduka Zimbabwe mu 1980, ndipo mzinda wa Salisbury unasintha dzina n'kukhala Harare (Halale) mu 1982. Kenaka anayeza kolala ndi zala zinayi, nati kutambalala kotere n'kwa m'ma 1970. Nditafika kunyumba ndinaimbira azakhali, ndipo anaseka: agogo anakhalakodi ku Halale zaka zingapo atachoka kumigodi, kungoti nkhani ya ku Joni ndi imene imakoma pokamba. Amalume mpaka lero sanandiyankhe uthenga wanga.

Chitenje cha Kamuzu sichinawatengere nthawi. Anawerenga mawu ozungulira nkhope, napeza oti Life President. Udindo wa pulezidenti wamuyaya anaulandira mu 1971, choncho nsaluyo singakhale ya chikondwerero cha ufulu mu 1964 monga ndinkaganizira, ngakhalenso ya 1966 pomwe dziko linakhala lipabuliki. M'mphepete munali dzina la David Whitehead, fakitale ya nsalu ya ku Makata konkuno. Anati ndisamadule m'mphepete mwa chitenje chakale ngakhale mutayamba kuyoyoka, chifukwa ndi mmene mumakhala umboni wonse.

Diresi ndi lomwe linandigwira mtima. Ine ndinali nditawerengako pa intaneti kuti zipi yachitsulo ndi misoko yopanda ovaloko (msoko wa makina wotchinga m'mphepete kuti nsalu isayoyoke) zimasonyeza chovala chakale kwambiri, ndiye ndinafika ndi nzeru zangazo. Anandidula mwaulemu. Akuti zimenezo zimagwira pa zovala za m'fakitale za kunja, koma osati pa chosokedwa ndi telala wa pakhonde. Matelala a kuno akhala akusoka ndi makina opalasa opanda ovaloko mpaka posachedwapa, ndipo zipi yabwino sinkatayidwa, inkasomoledwa pa chovala chakutha n'kuikidwa pa chatsopano. Iwo eni anachita zimenezi kosawerengeka. Choncho zipiyo anangoiyang'ana n'kuisiya. Chomwe anafuna ndi mpendero. Anayala diresilo padzuwa n'kundionetsa mzere wosuluka wodutsa chopingasa, pomwe panali mpendero woyamba, pamwamba pa bondo. Munsi mwake munalumikizidwa kansalu kena kofananako mtundu koma kosiyana ulusi, kosokedwa ndi dzanja lina. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi zovala zoonetsa mawondo, ndipo lamuloli linagwira ntchito mpaka nthawi yosintha ndale m'ma 1990. Amayi ambiri sanataye madiresi awo aafupi, anangowapititsa kwa telala kukawatalikitsa. Ndiye diresilo linasokedwa lamulolo lisanabwere, chakumapeto kwa m'ma 1960 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ndinakhala pabenchi paja ndikuyesa kuwaona agogo, amene ine ndinawadziwa ali ndi duku ndi zitenje ziwiri, akuyenda mu Victoria Avenue mawondo ali pamtunda.

Pa diresi lomwelo ndi pomwe ndachotsera nyenyezi imodzi. Pofuna kudziwa mtundu wa nsalu, anatenga sizasi n'kudula kachidutswa m'kati mwa msoko, nakayatsa ndi machesi, osandifunsa. Njirayo ndi yoona: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, ubweya umanunkha ngati tsitsi lowauka, pomwe poliyesitala amasungunuka n'kuuma kukhala kamkanda kolimba. Kathu kanasungunuka, nati ndi kirimpulini, nsalu yomwe inatchuka m'ma 1960. Podulapo sipaoneka kunja, n'zoona, koma chovala cha malemu si cha pabelo. Ndikanavomera ndithu akanandifunsa. Nditadandaula anapepesa, koma zikuoneka kuti ndi chizolowezi chawo, ndiye inu mukanene msanga chovala chisanachoke m'manja mwanu.

Nsalu ya maluwa ija tinkaitcha ya ku Holland, ndipo ndinali ndi chiyembekezo kuti ndi imene ili ndi mtengo. Anaitembenuza kamodzi kokha. Akuti pa nsalu ya wakisi yeniyeni, monga ya kampani ya Vlisco ya ku Helmond, ku Holland, utoto umalowerera mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo umakhala ndi timizere tosweka ndi timadontho tomwe sitibwereza ndendende, chifukwa timachokera ku phula losweka popanga. Yathu kuseri inali yotuwa, ndipo timizere take timabwereza malo omwewo pa duwa lililonse, kusonyeza kuti anangodinda mbali imodzi motsanzira. Zaka zake anati n'zapakati pa 1980 ndi 2000, mpata waukulu womwe ngakhale ine ndikanaunena. Pa nsalu imeneyi sanandithandize kwenikweni, ndipo anachita chilungamo kundibwezera K2,000 ndisanapemphe.

Kachikwama kanali ndi mawu oti Made in West Germany pa chitsulo chotsekera, kutanthauza kuti kanapangidwa dziko la Germany lisanagwirizanenso mu 1990. M'kathumba kake munali kobiri loboola pakati la nthawi ya chitaganya, lija la njovu ziwiri. Ine ndinalumpha kuti basi chikwama n'cha nthawi imeneyo. Iwo anati ndalama imasamuka chikwama, agogo akhoza kuti ankangolisunga, ndipo anakana kuliwerengera. Potengera nsalu ya m'kati ndi kapangidwe ka chogwirira anati kachikwamako ndi ka m'ma 1960 mpaka 1970.

Chimene ndawakondera n'chakuti satchula chaka chimodzi ngati wolosera. Amakuuza kuti sichingakhale chisanafike chaka chakuti, sichingapitirire chakuti, n'kukuonetsa ndi chala pomwe waonera, moti ukhoza kukatsimikiza wekha. Pa mtengo wogulitsira salowererapo, amati imeneyo ndi ntchito ya mavenda.

Zina zoti mudziwe. Salemba chilichonse, choncho tengani kope kapena muwapemphe kuti mujambule mawu pafoni. Ine ndinalemba kuseri kwa lisiti la magetsi ndipo zina zinandipulumuka. Nthawi sasunga: tinapangana 9 koloko, anafika itadutsa 10, ndipo pakati pa ntchito yanga anaimikira kawiri kuti apinde thalauza la munthu wina. Pitani m'mawa kukuwala, chifukwa amadalira dzuwa ndipo madzulo maso awo savomera. Musachape chovalacho musanapite nacho, makamaka cha ubweya, poti malebulo akale amafufutika. Anandilangizanso kuchotsa zonse m'thiranki yachitsulo chifukwa dzimbiri linali litayamba kudetsa chitenje, ndizikulunge m'nsalu yoyera ya thonje osati m'jumbo, ndipo ndiziziyanika pamthunzi nthawi ndi nthawi kuopa njenjete.

Mwezi wamawa ndikupitanso ndi chipewa cha Wilson chomwe chili kwa amalume ku Chilomoni, ngati angalole kuchitulutsa atamva zomwe zinachitikira jekete.