Chubu cha Arcadia ProT5 6% chinadzutsa buluzi wanga ku Katoto

Buluzi ameneyu sindinachite kumusaka. Anandisiyira mayi wina wakunja amene tinkagwira naye ntchito, pamene amabwerera kwawo, ndipo anafika kwathu ku Katoto, mu Mzuzu, ali m'bokosi lagalasi longa losungiramo nsomba. Ndi basilisk wobiriwira, wamphongo, wa lipombo pamutu ndi zipsepse kuyambira pamsana mpaka kumchira. Kwawo ndi ku nkhalango zamvula za Costa Rica, Nicaragua, Honduras ndi Panama, komwe amakhala m'nthambi zoweramira pamitsinje, ndipo akadzidzimuka amathamanga pamwamba pa madzi ndi miyendo yakumbuyo yokha. Ana a m'dera lathu amangomutcha gulo wachizungu.

Miyezi yoyambirira ndinkamuyatsira babu limene ndinagula m'shopu ina m'tauni, wogulitsa atalumbira kuti ndi la zokwawa. Linkawala bwino, linkatenthanso. Bokosi lija ndinaliika pawindo kuti aziothako dzuwa. Pofika June anali atasintha. Zala zake zazitali zija zinkanjenjemera akagwira nthambi, ndipo m'mawa wina ndinamuona akuterereka mpaka pansi, phi! Ndikamupatsa chiwala ankachigwira n'kuchilavula. Nditamukhudza pachibwano ndinamva kuti ndi pofewa, ndipo tsiku limenelo nsima sinalowe.

Dokotala wa ziweto anandiuza kuti mafupa akusowa calcium. Buluzi amapanga vitamini D3 pakhungu lake akawombedwa ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UVB, ndipo popanda vitamini ameneyu calcium wa m'chakudya amangodutsa. Thupi limayamba kuchotsa wa m'mafupa. Cheza chimenechi sichidutsa pagalasi la windo, ndiye dzuwa lonse lija analiotha pachabe. Babu lija nalonso linkangopereka kutentha basi.

Apa m'pamene mlamu wanga anandibweretsera Arcadia ProT5 kuchokera ku London: chubu chowala ngati nyale, cha 24W, chotulutsa 6% UVB, chimene anachipangira zokwawa za m'nkhalango zokhala pamthunzi pang'ono. Chimabwera ndi chotengera chake chokhala ndi chitsulo chonyezimira kumsana chobwezera kuwala konse pansi. Pulagi yake ndi ya mano atatu ngati zathu zomwezi, ndinangolowetsa pakhoma. Kumangirira kunanditengera mphindi zosakwana khumi ndi sikuludiraiva.

Koma chubu chokha sichikanakwanira m'bokosi lija. Basilisk wamkulu amapitirira masentimita 70, mbali yaikulu ili mchira, ndipo moyo wake ndi wokwera. Kalipentala wa ku Chibavi anandikhomera khola la matabwa lotalika mita imodzi ndi theka, galasi kutsogolo kokha, waya wa sefa pamwamba. Chubu ndinachiika mkati, pansi pa wayayo, chifukwa sefa amatchinga gawo lina la cheza. Nthambi yaikulu ya mtengo wa mango ili masentimita 30 kuchokera pachubucho. Pansi pali beseni lalikulu loti amiremo thupi lonse, ndipo madzi ndimasintha tsiku ndi tsiku popeza amakonda kuchitiramo chimbudzi. Kumunsi kwa galasi ndinamata pepala. Nyama imeneyi ndi yamantha kwambiri, ikadzidzimuka imathamangira pagalasi mpaka mphuno kusupuka, ndipo wangayu chipsera chake chilipobe.

Anzanga ena amandifunsa kuti kodi dziko la dzuwa ngati lathuli, n'kumagulanso nyale yodula? Funsoli ndi lomveka, ndipo mu October ndimamutulutsadi panja m'kakhola ka waya, mbali ina nditaphimba kuti apeze mthunzi. Koma amene wakhalapo mu Mzuzu mu June ndi July akudziwa. Nkhungu imagwira mpaka mochedwa, mvula yowaza osaleka, tonse tili m'majuzi. Buluzi wa kumalo otentha ukamutulutsa nyengo imeneyo amangouma ngati chikuni. Miyezi imeneyi chubu ndiye dzuwa lake, maola 12 patsiku, ndi taima yoyatsa 6 koloko m'mawa n'kuzimitsa 6 koloko madzulo.

Amene akufuna kugula adziwe kuti chubu ichi sichitenthetsa khola. Pambali pake ndinaika babu la halogen lowomba panthambi yomweyo, kuti pamalo owothera pazifika madigiri 32 mpaka 35, kwina konse 26 mpaka 29. Usiku ndimayatsa chotenthetsera cha ceramic chimene sichiwala, kuti kuzizira kusatsike pansi pa 21. Zotenthetsazi zimaumitsa mpweya, choncho ndimawaza madzi m'masamba m'mawa ndi madzulo kuti chinyezi chizikhala pakati pa 60 ndi 80 peresenti. Magetsi akazima chubu ndimachilumikiza ku invata, ndipo sichivuta chifukwa sichidya zambiri: pamwezi ndi mayunitsi pafupifupi 9. Zimene zimamaliza batire ndi zotenthetsa zija, moti usiku wozizira ndimafunditsa khola bulangete ndi kuikamo botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi. Ndinapitiriza kuwaza ufa wa calcium pa ziwala, nkhululu ndi mphemvu zimene ndimaweta ndekha, monga anandilangizira dokotala. Patapita masabata angapo kunjenjemera kunaleka. Tsopano taima ikangoyatsa amatuluka m'masamba, n'kukwera pang'onopang'ono, n'kudzadziyala panthambi mimba itaphwatalala, maso ake achikasu ali tuzu. Akatenthedwa amagwedeza mutu ngati gulo wa pamtengo, ndipo timadontho tabuluu ta m'nthiti mwake timaoneka bwino lomwe pansi pa kuwala koyerako. Chibwano chinalimba, ngakhale chinatsala chopendekera pang'ono kumanzere.

Chimodzi chimene anthu amaiwala n'chakuti chubu cha UVB chimapitiriza kuwala ngakhale mphamvu ya cheza itatsika, ndipo ndi maso sungadziwe. Cha T5 chimafuna kusinthidwa pakatha chaka. Mu Mzuzu muno ndayenda m'mashopu ambiri a zamagetsi osachipeza, ndiye tsiku loyatsa ndinalilemba ndi maka pachotengera chake, ndipo mlamu ndamutuma kale kuti ulendo uno abweretse ziwiri, atazikulunga m'zovala kuti zisasweke panjira.