Kuwedza ku Dorset: M'nyanja Kapena Mumtsinje?

Amene mukukhala kum'mwera kwa England ndipo mwasowa kaponyedwe ka mbedza, dera la Dorset lili ndi njira ziwiri.

Yosavuta ndi ya kunyanja yamchere. Pa Chesil Beach, gombe la timiyala lotalika pafupifupi makilomita 29, simufunika laisensi ayi. Mungonyamula ndodo, nyambo ndi jekete yokhuthala, chifukwa mphepo ya kumeneko siseka ndi munthu. M'nyengo yotentha nsomba za mackerel zimafika pafupi ndi gombe, ndipo mukagwira mumakakazinga kunyumba. Malamulo alipo ndithu: nsomba ya bass yosakwana masentimita 42 muyenera kuibweza m'madzi.

Kumtsinje, monga Stour kapena Frome, nkhani yake ndi ina. Aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo ayenera kukhala ndi laisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo mukapezeka mulibe, chindapusa chimatha kufika mapaundi 2,500. Laisensiyo payokha sikupatsani malo. Mbali zambiri za mtsinje zili ndi eni ake kapena makalabu, ndiye mulipirenso chilolezo cha tsikulo. Kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni, kuwedza nsomba monga roach ndi pike m'mitsinje n'koletsedwa kuti ziswane. Chimene chimadabwitsa ife okulira pa chambo n'chakuti ambiri amagwira nsomba, n'kuijambula, kenako n'kuibweza!

Ine ndingasankhe Chesil, chifukwa ndimafuna kubwerako ndi ndiwo.