Za amisiri a makompyuta pafupi ndi msika wa Kapata amene anandikonzera mapoti a USB

Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta kuno ku Chipata, anthu amabwera ndi mafulashi awo, ena ma CV, ena makalata ofunsira ntchito, ana a sukulu ndi maasainimenti awo, ndiye mukumvetsa kuti kwa ine poti ya USB, kabowo kolowetsapo fulashi, ikafa ndiye kuti tsiku limenelo kunyumba kulibe ndiwo. Ndikulemba izi chifukwa ndinavutika masabata awiri athunthu ndipo sindifuna mnzanga wina ataye ndalama pa vuto ngati langali.

Zinayamba ndi mapoti awiri akutsogolo kwa kompyuta yanga. Ukalowetsa fulashi nthawi zina imawerenga nthawi zina ayi, kenaka Windows inayamba kutulutsa kauthenga pakona kakuti "Power surge on the USB port". Ndinasamukira kumbuyo, kumene kuli mapoti anayi akuda ndi awiri a buluu. Patapita masiku awiri akuda nawonso anangoti zii, pulinta osaonekanso. Ndiye m'mawa wina ndikuyatsa, sikirini yakuda, yalemba "USB device over current status detected", yati izima pakatha masekondi 15, ndipo inazimadi. Kuyatsanso chimodzimodzi. Kasitomala ali chiimire pakhomo ndi pepala lake.

Shopu yoyamba kumene ndinapereka kompyutayo, sinditchula dzina, anati tichite fomati, kufufuta zonse nkuikanso Windows. Ine ndinafunsa kuti fomati ilowa bwanji pamene makina sakufika ndi pa Windows pomwe, anangoti siyani tione. Mawa lake yankho linali lakuti motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, yapsa, tiitanitse ina ku Lusaka, ndipo mtengo umene ananena unali pafupi kufanana ndi kugula kompyuta ina yakale yathunthu. Chimene chinandiwawa nchakuti nditaitenga ndinaona kuti masikulu a chivundikiro sanakhudzidwe nkomwe, fumbi lili momwemo. Sanatsegule. Anangoyang'ana sikirini basi nkugamula mlandu.

Mlamu wanga ndiye anandiuza za amisiri ena ake pafupi ndi msika wa Kapata, kakhonde kakang'ono chabe, chikwangwani chake nchofufutika moti ukhoza kupitirira osadziwa. Ndinakwera njinga makina ali pamiyendo. Ndi bambo achikulire ndithu, osalankhula zambiri, ali ndi kamnyamata kowathandiza. Asanagwire chilichonse anayamba ndi mafunso, anayamba kufa ndi mapoti ati, mumalowetsamo chiyani, mumatchajirapo mafoni kapena ayi, linagwapo pansi kapena ayi. Ndinayankha zonse. Anati, mayi khalani apa muone nokha, sindikonda kukonza chinthu mwini wake ali kutali.

Anazula chingwe cha magetsi kaye, nkusindikiza batani loyatsira kwa kanthawi kuti moto wotsalira uthe, ndiye nkutsegula. Anandionetsa kachingwe kochokera ku mapoti akutsogolo kamene kamakalowa pa motherboard, pa timano 9 tondandana mizere iwiri, pamalo pa kachikhumi palibe dala kuti munthu asalowetse chozondotsa. Anakazula kachingweko, kulumikiza magetsi, kuyatsa. Abale, makina anayaka mpaka Windows. Mphindi zisanu sizinakwane. Motherboard imene ndinauzidwa kuti yapsa!

Kenaka anatenga tochi ya foni nkuwalitsa mkati mwa poti yakutsogolo ija, kalilime ka pulasitiki kamene kamagwira timawaya kanali katathyoka, timawaya take tinayi titapindika, kamodzi katagunda chitsulo cha mbali. Anandifotokozera bwinobwino kuti mu poti wamba muli mizere inayi, wina umanyamula moto wa mavolti 5, wina ndi ground wobwezera motowo, iwiri yapakati ndi imene imanyamula zimene zili mu fulashi. Mu chingwe mumaiona ndi mitundu, wofiira ndi moto, wakuda ground, woyera ndi wobiriwira ndi ya data. Ndiye wa moto ukagunda chitsulo cha mbali imakhala shoti, motherboard imamva kuti moto ukuthawa wambiri ndipo imadzizimitsa yokha kuti isapse. Uthenga uja umene unandiopsa, anati, ndi makina akudziteteza, sikuti afa. Zinandikhudza kwambiri zimenezo, chifukwa ndikanalipira ndalama zonse zija kutaya chinthu chamoyo. Kalilime kaja ndikudziwa mmene kanathyokera, makasitomala ena fulashi ikakana kulowa satembenuza, amangokankha ndi mphamvu.

Akumbuyo awiri aja nkhani yake inali ina, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti bambowa ntchito amaidziwa. Anatenga mita yawo yoyezera moto, pa mapoti amoyo ikuonetsa 5, pa akufa aja pafupifupi 0. Anatsata kanjira pa bolodi mpaka pa kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga pafupi ndi mapotiwo, ati ndi fyuzi. Mbali imodzi moto ulipo, mbali inayo sukudutsa. Mtundu umenewu wa fyuzi umati ukatentha umadula moto, ukazizira umabwerera wokha, koma ukamautenthetsa tsiku ndi tsiku umatopa mpaka osabwereranso bwino. Anandifunsanso za mafoni. Ndinavomera kuti pa poti imeneyo ndinalumikizapo kahabu kotchipa ka mabowo anayi, kopanda adaputa yakeyake, ndipo magetsi akabwera pambuyo pa lodi shedi aliyense woyandikana nane amabweretsa foni, nthawi zina atatu pakamodzi. Anapukusa mutu nkunena kuti poti yakuda ya USB 2.0 inapangidwira kupereka moto wa 500 mA chabe, ya buluu ya 3.0 ndi 900 mA, manje mafoni atatu onse akukoka pamenepo, kafyuzi kangapirire mpaka liti.

Asanasinthe fyuziyo anayamba ayeza ngati kutsogolo kwake kulibe shoti ina, chifukwa ati ukaika yatsopano pamene pali shoti udzabweranso mawa. Panalibe. Anachotsa fyuzi ina yofanana pa bolodi lakufa limene anali nalo mu katoni nkuiwotcherera. Ine pofuna zachangu ndinali nditafunsa ngati sangangolumikiza ndi kawaya, popeza ndinamvapo kuti ena amatero. Anakana kwamtuwagalu. Anati kawaya kagwira ntchito lero inde, koma tsiku limene wina adzalowetse chingwe chowonongeka palibenso chodula moto, zidzapsa ndi tinjira ta pa bolodi, mwinanso fulashi ya kasitomala ndi zonse zili mkatimo, ndipo pamenepo ndiye motherboard idzafadi zoona. Munthu wokana njira yachidule imene ikanamupatsa ndalama yomweyo mwachangu, ameneyo ine ndimamukhulupirira.

Sikuti zonse zinatheka ayi. Mwa awiri akumbuyo aja, imodzi inachira yonse, inayo moto unabwera, foni imatchaja, koma fulashi siwerenga, Device Manager, pamene Windows imaonetsa zida zolumikizidwa, imangolemba kuti Unknown USB Device. Anachotsa madiraiva, mapulogalamu oyendetsa mapotiwo, nkuyatsanso makina kuti Windows iwaikenso yokha, anayang'ana mu BIOS, masetingi a motherboard, ngati mapoti sanatsekedwe, anazimitsa kasetingi kamene Windows imagonekera mapoti posunga moto, mpaka anayatsa makina ndi Linux ya pa fulashi yawo, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kuti tione ngati vuto ndi la Windows. Chimodzimodzi. Anandiuza mosabisa kuti mizere ya data ya poti imeneyo yavulala, mwina mpaka ku chipu chachikulu, ndipo kumeneko iwo safikako ndi zida zimene ali nazo. Sanandilipiritse pa imeneyo. Anati ngati mapoti akuchepa, pali kakhadi ka USB kolowetsa pa mpata wa pa motherboard wotchedwa PCIe, kamene kamawonjezera mapoti ena, nkotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi motherboard, ndipo pa bolodi langa malo ake alipo.

Pa mapoti akutsogolo anangosintha kabolodi konse ka mapoti ndi kena ka pa kesi yakale, sinali ntchito yaikulu. Anapemereranso fumbi lonse, linali lambiri zedi, mukudziwa fumbi la kuno ikafika October.

Zodandaula zilipo ndipo ndinena. Ntchito imene ikanatha tsiku limodzi inatenga masiku atatu, chifukwa alibe jenereta kapena sola, magetsi akapita chowotcherera chimazizira ndipo onse amangokhala. Foni sayankha kawirikawiri, ndinaimba kanayi tsiku lachiwiri, mpaka ndinachita kupita ndekha. Malo ndi opanikiza, mpando ndi umodzi, makina a anthu aunjikidwa pakona opanda ndi kapepala ka dzina komwe, ine ndinachita kulemba langa ndi maka. Lisiti anandilembera nditapempha. Ndinawauza maso ndi maso kuti bambo, ntchito yanu ndi yabwino kwambiri koma izi zikukuchotserani makasitomala, anavomera, ati akusunga ndalama ya kainivata.

Ndalama ndinalipira K250 zonse pamodzi ndi kabolodi kakutsogolo kaja, ndipo anati ikavutanso mwezi usanathe ndibwere nayo osalipira. Papita miyezi iwiri manje, pulinta ikugwira, sikana ikugwira. Ndinagula chingwe chowonjezera cha USB chimene chimakhala pa tebulo, makasitomala amalowetsa mafulashi awo pamenepo, chikathyoka ndigula china, poti ya makina sakuigwiranso. Mafoni ndinawagulira ekisitenshoni yawoyawo pakhoma.

Ngati muli ku Chipata kuno, kapena mukuchokera ku Katete, Chadiza, ngakhale ku Mwami, ndipo wina wakuuzani kuti motherboard yafa chifukwa cha USB asanatsegule nkomwe, musalipire kaye. Funsani ngati anazula kachingwe ka mapoti akutsogolo nkuyesa kuyatsa, funsani ngati anayeza mavolti 5 aja. Mukafika pa Kapata funsani anyamata okonza mafoni za bambo okonza makompyuta pakakhonde, akulozerani. Pitani m'mawa magetsi asanapite, ndipo nyamulani fulashi kapena chingwe chimene munalowetsa komaliza makina asanayambe kuvuta, adzafuna kuchiona.