Matewera ochapa okhala ndi thumba: abwino masana, koma nsalu yomwe amabwera nayo ndi yoperewera

Thewera lomwe tikuliunika pano ndi lija lochapa, losokedwa ngati kabudula wamkati, lotseka ndi mabatani okanikiza, ndipo kumbuyo kwake kuli potsegula polowetsera nsalu yomwa mkodzo. Makampani ambiri amalipanga ndipo mayina ndi osiyanasiyana, koma kasokedwe n'kamodzimodzi. Kwa mwana amene wafika makilogalamu 5, nthawi ya masana, thewerali limagwira ntchito bwino zedi. Kwa khanda la masabata oyambirira komanso usiku limafuna kulithandiza, ndipo pofooka pake penipeni ndi nsalu yomwe wogulitsa amakupatsirani limodzi.

Lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli nsalu ya polyester yomatidwa kapulasitiki kopyapyala, yomwe amaitcha PUL, ndipo ndiyo imatchinga madzi kuti asafike pa zovala. Mbali yokhudza khungu ili ndi nsalu yofewa ya fleece. Imeneyi simwa madzi. Ntchito yake n'kungodutsitsa mkodzo kuti upite pansi, mwana asamve kunyowa. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali thumba. M'miyendo ndi kumsana muli lasitiki. Kutsogolo kuli mizere ya mabatani yofupikitsira thewera, kuti lomwelo likwane khanda komanso mwana woyenda, ndipo ambiri amalembedwa kuti amakwana kuyambira makilogalamu 3 kapena 4 mpaka pafupifupi 15. Nambala yoyambayo musaikhulupirire kwambiri. Mwana wa makilogalamu 3 ntchafu zake zimakhala zoonda, lasitiki sagwira, ndipo chimbudzi cha khanda, chomwe chimakhala chamadzimadzi, chimatulukira m'mbali. Pa masabata oyambirirawo thewera wamba la thonje lopinda, ndi kabudula wotchinga madzi wa saizi yaing'ono, zimachita bwino kuposa.

Nsalu yolowetsa m'thumba ndi yomwe imapangitsa mayi kulikonda thewerali kapena kulitaya. Kawirikawiri mumapatsidwa ya microfibre, nsalu ya timaulusi ting'onoting'ono topangidwa kufakitale. Imamwa mkodzo mofulumira ndipo imauma msanga pachingwe, koma imachita ngati siponji: ikakhuta, mwana akangokhala pansi, kapena mukamumanga pampando wa m'galimoto, kapena mukamubereka, mkodzo umafinyika n'kutuluka. Amayi ambiri amaganiza kuti thewera labooka pamene vuto ndi kufinyikaku. Chinanso, microfibre siyenera kukhudza khungu la mwana. Imakoka chinyezi kwambiri mpaka khungu kuuma n'kufiira, choncho malo ake ndi m'thumba basi, osati kuiyala pamwamba.

Nsalu ya thonje, ya ulusi wa nsungwi ndi ya hemp (ulusi wa chomera cha mtundu wa chamba) zimasunga mkodzo osautaya ngakhale zikanikizidwe. Ya hemp ndiyo imasunga wambiri poyerekeza ndi kupyapyala kwake, koma imamwa pang'onopang'ono, moti mwana wokodza kamodzi n'kamodzi mwamphamvu akhoza kuidutsa isanamwe. N'chifukwa chake timalangiza kuphatikiza ziwiri: ya microfibre pamwamba, kufupi ndi fleece, kuti igwire msanga, ndipo ya hemp kapena ya thonje pansi kuti isunge. Mukasinthanitsa malo, phindu lonse latha. Kwa mwana wamwamuna pindani nsaluyo kuti ichindikale kutsogolo. Kwa wamkazi ichindikale pakati. Kumbukiraninso kuti thonje ndi hemp zatsopano zimakhala ndi mafuta achilengedwe a mu ulusi, ndipo zimafunika kuchapidwa kangapo, katatu kapena kupitirira apo, zisanayambe kumwa mokwanira. Wogula amene waveka mwana nsalu yongotuluka m'pepala n'kuona ikudontha asafulumire kudandaula.

Kavalidwe kake n'kosiyana ndi ka matewera otaya. Thewera lochapa limakhala pansi pa mchombo, kumsana osakwera kwambiri. Mukagoneka mwana, finyani pakati pa thewera polikokera mmwamba kuti lasitiki alowe m'mphechepeche, mmene kabudula wamkati amakhalira, osati kuzinga ntchafu. Mukatseka, zala ziwiri zizilowa pamimba mosavuta. Kenako kwezani mwendo umodzi muone: ngati pakuoneka mpata pakati pa lasitiki ndi khungu, fupikitsani ndi mabatani akutsogolo aja, osati kumangitsa m'chiuno. Yendetsani chala m'mbali monse kuti fleece yense abwerere mkati. Kansonga kamodzi ka fleece kapena ka nsalu yomwa mkodzo kakasuzumira kunja n'kukhudza malaya, kamakoka chinyezi ngati chingwe cha nyali, ndipo posakhalitsa malaya anyowa mpaka pamimba. Timizere tofiira pang'ono ta lasitiki, ngati ta sokosi, tomwe timazimirira posachedwa, si vuto. Tikakhala tozama kapena tosachoka, mwamangitsa.

Mabatani ndi abwino kuposa zomatira za Velcro. Zomatirazo n'zosavuta kwa agogo kapena wolera mwana amene sanazolowere, koma zimatola ulusi pochapa, zimakola zovala zina, ndipo mwana wa chaka ndi theka amazimatula yekha.

Mwana wa miyezi yoyambirira amasinthidwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku. Wokulirapo ka 6 mpaka ka 8. Thewera lochapa lisapitirire maola 2 kapena 3 masana, ndipo mwana akachita chimbudzi lichotsedwe pompo. Ngati mumachapa tsiku lachiwiri lililonse, matewera 20 mpaka 24 amakwana, poti ena amakhala ali pachingwe. Wochapa tsiku ndi tsiku akhoza kukwanitsa ndi 12 mpaka 15. Nsalu zolowetsa zikhale zochuluka kuposa matewera, chifukwa chikuto, kutanthauza thewera lenilenilo lopanda nsalu m'thumba, chimauma m'maola ochepa pamene hemp imatha tsiku lonse, mwinanso kupitirira kukakhala chinyezi. Apa ndi pamene thewera la thumba limaposa lija losokedwa zonse pamodzi: mumasolola nsalu, chilichonse n'kuuma pachokha. Kuipa kwake ndi ntchito yolowetsanso nsaluzo m'matumba mukaanula, yomwe imadya mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo dzanja lalikulu limavutika kulowa m'matumba ena opapatiza. Yesani kulowetsa dzanja musanagule ambiri.

Kuchapa ndi kumene zinthu zimasokonekera. Mukavula mwana, sololani nsalu m'thumba nthawi yomweyo, chifukwa ikakhala mkati sichapika. Chimbudzi cha mwana woyamwa bere lokha chimasungunuka m'madzi, moti kutsukuluza kumakwana. Akayamba zakudya zina, cha pa miyezi 6, chimbudzicho chiyambe chatayidwa m'chimbudzi thewera lisanalowe m'ndowa. Kansalu kopyapyala ka fleece koyala pamwamba kamathandiza, poti chimbudzi chimakanganuka pa iko mosavuta. Tinsalu tija totaya tolembedwa kuti mukhoza kugejemula m'chimbudzi cha madzi, titayeni m'zinyalala, timatseka mapaipi.

Matewera akuda asungeni ouma, m'ndowa kapena m'dengu lolowa mpweya, osapitirira masiku awiri, akachuluka atatu. Kuwaviika m'madzi usiku wonse, monga zinkachitikira ndi matewera a thaulo, kumafooketsa lasitiki ndi PUL, ndipo ndowa ya madzi ndi yoopsa m'nyumba momwe muli mwana wokwawa: amatha kugweramo chamutu n'kumira m'madzi ochepa kwambiri. Ndowa yotsekedwa ndithithi imanunkha kuposa yotsegula, chifukwa mkodzo ukakhala m'malo otentha opanda mpweya, tizilombo timausandutsa msanga amoniya, mpweya wa fungo lobaya.

Chapani kawiri. Koyamba n'kwachidule, ndi sopo wa ufa pang'ono, kungochotsa mkodzo ndi zotsalira, madziwo n'kutaya. Kachiwiri ndiye kuchapa kwenikweni: madzi ofunda a madigiri 40 mpaka 60, sopo wokwanira mlingo womwe walembedwa pa paketi wa zovala zakuda kwambiri, ndipo ngati ndi makina, sankhani pulogalamu yaitali ya thonje. Makinawo adzaze pafupifupi magawo awiri mwa atatu zovala zikanyowa, kuti nsalu zizikhulana. Matewera akakhala ochepa amangoyandama osayera, ndiye onjezerani tizovala ta mwana kapena timataulo. Pochapa pamanja, tikitani nsalu zomwa mkodzo mwamphamvu, koma chikuto musachipotokole pofinya kapena kuchikwecha ndi bulashi yolimba. Tsukuluzani mpaka thovu litatha. Pali malangizo ofala akuti sopo azikhala wochepa kwambiri kuti asatsalire mu nsalu. Malangizo amenewa ndi amene amadzetsa fungo: thewera ndi chovala chakuda kuposa chilichonse m'nyumba, ndipo sopo wochepa sachotsa mkodzo wolowerera mkati mwa nsalu yochindikala. Madzi a m'dera lanu akakhala olimba, aja osachita thovu msanga, sopo amafunika wochulukirapo.

Mankhwala ofewetsa zovala asayandikire. Amakuta ulusi ndi mafuta, nsalu n'kuyamba kukana madzi. Mafuta opaka mwana a petroleum jelly kapena a zinc oxide amachitanso chimodzimodzi pa fleece, ndiye mukamapaka yalani kansalu pakati. Kuti mudziwe ngati fleece wayamba kukana madzi, ikani nsalu m'thumba, thirani madzi ofunda pang'ono n'kukanikiza ndi chikhato. Akalowa, ali bwino. Akamangoyenderera m'mbali ngakhale mukukanikiza, pakani sopo wotsukira mbale pamalopo, tikitani ndi manja, tsukuluzani bwinobwino, kenako chapani monga mwa nthawi zonse. Kukanikizako n'kofunika, chifukwa ngakhale fleece wabwino amasunga timadontho pamwamba popanda chomukanikiza.

Mphuno imakuuzani zambiri. Thewera lochapika bwino silinunkha kanthu likauma. Likamanunkha ngati khola mwana akangokodzamo, silikuyera. Likamatulutsa fungo lobaya m'mphuno mpaka m'maso, ndi amoniya, ndipo amatha kuwotcha khungu la mwana n'kusiya kufiira ngati wapsa. Zikafika apa chapani pa madigiri 60, ndipo ngati fungo silikutha, viikani nsalu zomwa mkodzo kwa theka la ola m'madzi ozizira othira bulitchi wochepa, motsatira mlingo wa pa botolo, kenako n'kuchapanso. Bulitchi athiridwe pa nsalu zochapa kale zokha. Akakumana ndi amoniya amatulutsa mpweya wapoizoni. Totupa tofiira kwambiri tokhala ndi timadontho m'mbali, tolowa mpaka m'makwinya a khungu, tosamva kusintha thewera pafupipafupi kwa masiku awiri kapena atatu, tikhoza kukhala mafangasi. Mwanayo akaonedwe kuchipatala, ndipo matewera azichapidwa pa madigiri 60 mpaka atachira.

Dzuwa limafafaniza madontho achikasu bwino kwambiri, choncho nsalu zomwa mkodzo ziyanikeni padzuwa mopanda mantha. Chikuto chianuleni chikangouma, kapena chiyanikeni pamthunzi, ndipo chipachikeni chopingasa kuti kulemera kwa madzi kusakoke lasitiki. Musachisite, musachiwiritse, musachiike m'makina oumitsira otentha kwambiri: kapulasitiki kaja kamasupuka, ndipo kakasupuka palibe kukonza. Lasitiki yekha akatha mphamvu amasinthika ndi singano ndi ulusi, pomasula pang'ono msoko wa m'mwendo.

Usiku ndi pamene thewerali limaperewera. Mwana wogona maola 10 kapena 12 amafuna nsalu ziwiri kapena zitatu, koma thumba mukalidzaza kwambiri limatukumuka, lasitiki wa m'miyendo n'kunyamuka, mpata n'kutseguka pomwe mumafuna kutseka. Kwa mwana wokodza pang'ono, ya microfibre imodzi ndi ya hemp imodzi zimafikitsa m'mawa. Kwa wokodza kwambiri, gulani matewera atatu kapena anayi a mtundu wina, aja omwa mkodzo thupi lonse ovala ndi kabudula wotchinga madzi pamwamba, ndipo a thumbawa muwasiyire masana.

Pogula, tembenuzani limodzi muone mkati mwa PUL ngati ndi mosalala, mopanda ming'alu. Kokani lasitiki, abwerere mwamphamvu. Tsekani ndi kutsegula batani lililonse, poti lofewa limamasuka mwana akamakwawa ndipo lolimba kwambiri limang'amba nsalu. Matewera amasiyana kasokedwe ka m'ntchafu, choncho yambani ndi atatu kapena anayi, muwayese kwa sabata pa mwana wanuyo musanagule otsalawo, ndipo pa thewera lililonse muwerengerepo nsalu imodzi yowonjezera ya thonje kapena ya hemp.